Kamishibai: luso lili m'dzanja lokoka chithunzi

Mumzinda wa Tokyo, cha m'ma 1930, ntchito zitasowa chifukwa cha kugwa kwa chuma padziko lonse, abambo ambiri anayamba kuzungulira m'makwalala pa njinga atamangirira kabokosi kamatabwa pakaliyala. Akafika pamphambano ankawombanitsa timatabwa tiwiri totchedwa hyōshigi, ana n'kukhamukira komweko. Wogula switi kwa bamboyo ankaima kutsogolo, wopanda kakobiri kumbuyo. Bamboyo ankatsegula zitseko za kabokosi kaja, kamene amakatcha butai, n'kuyamba kusimba nkhani uku akukoka zithunzi chimodzichimodzi. Nkhani ikafika pokoma ankailekeza, kuti ana adzabwerenso mawa. Ameneyu ndiye kamishibai, sewero la mapepala. Lero amapezeka m'makalasi ndi m'malaibulale, ndipo aphunzitsi ophunzitsa ana a pulayimale Chijapani m'maiko ena amamukonda. Koma chimene chimamupatsa moyo ndi chomwecho chimene chimatayika msanga m'kalasi.

Woona koyamba amayesa ndi buku la zithunzi lothothoka masamba. Ayi ndithu. Nkhani imodzi kawirikawiri imakhala ndi makadi 8, 12 kapena 16. Kumaso kwa khadi kuli chithunzi chokha, mawu ali kumsana. Mawu a chithunzi choyamba amalembedwa kumsana kwa khadi lomaliza, ndipo khadi lililonse likakokedwa n'kulowetsedwa kumbuyo, wosimba amapeza pamenepo mawu a chithunzi chimene ana akuona tsopano. Motero nkhope yake sibisika. Amaima pambali pa butai, maso pa ana.

Luso lenileni lili pa kukoka. Pakati pa mawu amalembapo malangizo: koka pang'onopang'ono, koka mwamsangamsanga, koka theka n'kuima. Taganizani nthano ya Momotarō, mwana wotuluka m'pichesi. Agogo aakazi akuchapa kumtsinje. Wosimba akukoka khadi mpaka pakati, n'kuima. Ana akuona zinthu ziwiri nthawi imodzi, agogo akadali pa zochapa zawo, kwinaku chipichesi chachikulu chikuyandama. M'kalasi muli zii. Kamphindi kameneko, pamene chakale sichinachoke ndipo chatsopano sichinafike chonse, buku silingakapange. Wojambula waluso amadziwa kuti khadi limatulukira kumanzere kwa oonera, ndiye chodabwitsa amachiika kumanja kwa chithunzi chotsatira, kumene kumayamba kuonekera. Amajambula ndi mizere yonenepa, zinthu zochepa, kuti ndi mwana wakumbuyo yemwe aone. Mizuki Shigeru, amene pambuyo pake anatchuka ndi nkhani ya zithunzi yotchedwa GeGeGe no Kitarō, anayamba wajambulapo makadi oterewa.

N'chifukwa chake kamishibai amathandiza pophunzitsa chinenero. Mwana amamva nkhani asanadziwe mawu ake. Wosimba akati mukashi mukashi, mwana amene anakulira pa "Padangotero" ndi "Tili tonse" amazindikira kuti nthano yayamba. Chijapani chilinso ndi mawu ambiri otsanzira kulira ndi kachitidwe ka zinthu, monga mmene ife timanenera kuti mbee kapena phwii. Galu amati wan wan, mvula yamphamvu imati zā zā, mtima ukamagunda umati doki doki. Ana amawalanda pakamwa pa wosimba n'kumawabwereza limodzi, asanaphunzire n'chimodzi chomwe mwa zilembo 46 za hiragana. Akatswiri a lusoli amatchula kyōkan, kumva chinthu chimodzi nonse pamodzi, ndipo amati kamishibai anapangidwira chimenechi.

Apa m'pamene ndimadandaula ndi njira zina zophunzitsira. Mphunzitsi wina amaika zithunzizo pa kompyuta n'kumaziwalitsa pakhoma. Chithunzi chimangosintha kuti phethi, theka lija palibe, dzanja palibe. Wina amaimitsa nkhani pa khadi lililonse kuti afunse dzina la galu m'Chijapani, la nyani, la mbalame, mpaka nthano isanduke mayeso. Winanso amadzisandutsa wazisudzo, kulumpha ndi kukuwa, ana n'kuiwala kuyang'ana m'butai. Onsewa ali ndi cholinga chabwino, koma athyola fupa la msana. Mafunso adikire zitseko zitsekedwe kaye.

Mphamvu ya kamishibai ili ndi mbiri yowawa, ndipo ana okulirapo ayenera kuimva. Imai Yone anagwiritsa ntchito kamishibai pophunzitsa ana nkhani za m'Baibulo m'zaka za m'ma 1930, koma pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse boma la Japan linagwiritsa ntchito seweroli pokopa anthu kuti asangalalire nkhondo. Chimene chimamanga mitima pamodzi chingathenso kuisocheretsa pamodzi. Wosankha nkhani asankhe mosamala.

Wailesi yakanema itayamba ku Japan mu 1953, anthu ankaitcha kamishibai wamagetsi, ndipo abambo a njinga aja anazimiririka pang'onopang'ono. Sewerolo linatsala chifukwa lili ndi chimene kanema alibe: wosimba amaona nkhope za ana n'kudziwa poti achedwe. Mphunzitsi wofuna kudziwa ngati ana agwira chikhalidwe chimenechi asawafunse mayina a zinthu. Awapatse mapepala anayi ajambule nkhani yawo, mmodzi aime pambali pa butai. Akakoka khadi mpaka pakati n'kuima, anzake atagwira mpweya, ndiye kuti waphunzira.