Thompson adaona zidakwa, sadaone okwera mahatchi

Pa zonse zomwe zidalembedwapo zokhudza Kentucky Derby, mpikisano wa mahatchi womwe umachitika chaka ndi chaka mumzinda wa Louisville ku Amereka, palibe nkhani yomwe imatamandidwa ngati ya malemu Hunter S. Thompson. Mutu wake ndi "The Kentucky Derby Is Decadent and Depraved", kunena kuti mpikisanowo ngwovunda, ndipo idatuluka m'magazini ya Scanlan's Monthly mu 1970. Ine ndikuti nkhaniyi njokoma ndithu, koma yemwe akufuna kudziwa Derby asaidalire. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa.

Kukomako sindikukana. Thompson, mwana wa ku Louisville komweko, adatengana ndi katswiri wojambula wa ku Britain, Ralph Steadman, kukasaka nkhope imodzi yoimira uchidakwa ndi matama a mabwana achizungu a kumeneko. Za mahatchi analibe nazo ntchito, moti Dust Commander, yemwe adapambana chakacho, akungotchulidwa modutsa. Atapapira mowa masiku angapo, nkhope ankaisaka ija adakaipeza pagalasi: inali yake yomwe. Apa pokha mkuluyu ngofunika kumuombera m'manja.

Koma taonani. Kunyoza bwana kuchokera tsamba loyamba mpaka lomaliza ndi kumukhazikabe pampando wa kutsogolo. Anthu akuda m'nkhaniyi akumveka makamaka pa bodza lomwe Thompson akuopsezera mzungu wina m'bala ya pabwalo la ndege, loti a Black Panthers akubwera kudzachita chipolowe. Basi, akhala choopsezera anthu. Chonsecho mpikisano akuusekawo udakula ndi thukuta lawo.

Derby yoyamba idachitika pa 17 May 1875. Mwa okwera mahatchi 15 tsikulo, 13 adali akuda. Adapambana ndi Oliver Lewis pa hatchi yotchedwa Aristides, yomwe adaiphunzitsa ndi Ansel Williamson, munthu wobadwira muukapolo. Izi sizodabwitsa, poti m'minda ya kumwera kwa Amereka akapolo ndiwo ankaweta ndi kuthamangitsa mahatchi a mabwana awo. Pa mipikisano 28 yoyambirira, akuda adapambana 15. Isaac Murphy yekha adapambana katatu: mu 1884, 1890 ndi 1891.

Nanga adalowera kuti? Ntchitoyi itayamba kununkhira ndalama, azungu adaifuna. Mu May 1896, mwezi womwe Willie Simms adapambana Derby, khoti lalikulu la dzikolo lidavomereza tsankho losiyanitsa mitundu pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson. M'mabwalo, okwera achizungu adayamba kupanikizira anzawo akuda kumpanda ndi kuwakwapula mpikisano uli mkati. Eni mahatchi, poopa kuluza, adaleka kuwalemba ntchito. Wakuda womaliza kupambana ndi Jimmy Winkfield, mu 1901 ndi 1902. Kuchoka mu 1921, padalibenso wakuda wa ku Amereka yemwe adakwera mu Derby kufikira Marlon St. Julien mu 2000.

Winkfield ameneyu adapita ku Russia komwe adatchuka kwambiri, nathawanso chipolowe cha Abolsheviki mpaka kukakhazikika ku France. Mu 1961 adaitanidwa kuphwando la Derby pahotela ina mu Louisville, koma mlonda adayamba wamukaniza kulowera khomo la kutsogolo. Adamwalira mu 1974. Ndiye kuti pomwe Thompson ankasaka nkhope yoimira Derby, nkhope yeniyeniyo inali moyo, nkhalamba ya zaka 80 ndi kusefukira, ili phee kutsidya la nyanja.

Ena anena kuti ndikumulakwira, poti iye sadali wolemba mbiri yakale. Zoona. Koma adadzipatsa yekha ntchito yotiuza chomwe chidavunda pa mpikisanowu, ndipo chomwe adapeza ndi masanzi, juga ndi mabotolo. Abale, kuledzera ndiye tchimo lalikulu la Derby? Chidakwa chimadzuka m'mawa mowa utatha m'mutu. Kulanda anthu ntchito yomwe adaiyamba okha, kenako kufufuta maina awo, n'chinthu chomwe chidatenga zaka zambirimbiri, ndipo adachichita anthu osaledzera.

Buku la Edward Hotaling, "The Great Black Jockeys", lomwe lidatuluka mu 1999, lilibe nthabwala ndi liwiro la Thompson. Komabe ndilo lidagwira ntchito yomwe idatsalayo, youkitsa maina a anthuwa mmodzimmodzi. Amene muli ndi mwayi, werengani zonse ziwiri.

Kwa anzanga olemba, makamaka ife okonda kugemula akuluakulu, phunziro n'loti cholembera chimatsata komwe kwaloza maso. Tikamaliza kuseka ali pamthunziwo, tizitembenukako n'kufunsa dzina la yemwe ali pamsana pa hatchi.