Wamisala Anaona Nkhondo

Pa maliro a kumudzi pamachitika chinthu chimene mlendo sachimvetsa. Anamfedwa ali m'nyumba kulira, koma panja mdzukulu wavala chipewa cha malemu, akutsanzira kayendedwe kawo ndi kakalipidwe kawo. Anthu amaseka misozi ili m'masaya. Ku Machinga ndi ku Balaka, monganso m'madera ena, mwambowu sauyesa chipongwe, pakuti nthabwala za mdzukulu zimathandiza ofedwa kuvomereza kuti mbale wawo wapitadi. Luso lomweli ndi limene opanga kanema ena alitola.

Chitsanzo chathu ndi Tikuferanji, sewero la bungwe la ADRA limene linatchuka pa wailesi ya MBC ndi pa TVM, wailesi yakanema imene inayamba mu 1999. Dzina lokhalo ndi funso loopsa. Edzi inapezeka m'Malawi mu 1985, koma kwa zaka zambiri anthu ankaopa kuitchula. Ankangoti "matenda a boma" kapena "kaliwondewonde", ndipo pa maliro olankhula ankati malemu adwala nthawi yaitali. Pamene Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga, anaulula mu 2004 ali pulezidenti kuti mbale wake anamwalira ndi Edzi, nkhaniyo inamveka mpaka kunja, chifukwa kuulula kotero kunali kosowa.

M'nyengo yachinsinsi imeneyo ndi mmene Manganya, gawo limene ankasewera Michael Usi, anagwira ntchito yaikulu. Manganya ndi munthu wamatama ndi wamachenjera ngati kalulu wa m'nthano. Zochita zake n'zokokomeza dala, kotero woonera amayamba ndi kuseka akuganiza kuti nkhaniyo si yake. Phwete likatha, amazindikira kuti bodza lija ndi lomwe iye ananamiza mkazi wake dzana. Dzuwa sitiliyang'ana mwachindunji. Timaliona m'beseni la madzi. Kukokomeza ndiye beseni limenelo. Mlaliki akadanena zomwezo, ambiri akadatseka makutu, koma wanthabwala timamulola kulowa m'nyumba. Paja akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo.

Kunja nakonso luso limeneli n'lakale. Mu 1940 Charlie Chaplin anatulutsa The Great Dictator, kanema woseka Adolf Hitler nkhondo ili mkati. Wolamulira wankhanza wa m'kanemayo amavina ndi chibaluni chojambulidwa mapu a dziko lonse, mpaka chibalunicho chimamuphulikira m'manja. Popanda mawu, woonera amaona kuti munthu amene dziko linkamuopa anali wadyera ngati mwana wolirira choseweretsa. Munthu amene wasekedwa saopsanso monga kale.

Komabe nthabwala zili ndi malire. Chaplin mwiniwake analemba m'buku la mbiri ya moyo wake mu 1964 kuti akadadziwa nkhanza zenizeni za m'misasa ya chipani cha Nazi, sakadapanga kanemayo. Apa pali phunziro kwa ife. Chilonda china chimafuna kuti chiyambe chapola. Ndiponso tiyenera kufunsa kuti akusekedwa ndani. Sewero likaseka mwamuna wachimasomaso, sing'anga wabodza kapena wachibale wolanda chuma cha masiye, limaweruza wolakwa. Likaseka kuwonda kwa wodwala, chilema cha munthu kapena umphawi wa mayi wamasiye, limapweteka amene wagwa kale, ndipo odwala ena amabisala m'malo mopita kuchipatala.

Tsono inu amene mumaonera makanema pa lamya kapena m'nyumba za vidiyo pa Liwonde, pa Ntaja ndi pa Ulongwe, musaweruze kanema poona kukula kwa phwete. Dzifunseni kuti mwaseka yani, ndipo mwatsala ndi chiyani mumtima kuseka kutatha. Mdzukulu waluso amaseketsa maliro onse, koma sanyoza wolira, chifukwa amadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.