Kugona ndi Njala Pakhomo pa Nkhokwe

Munthu amene anakulira kumapiri a Dedza amadziwa kuti kudzuka m'mamawa m'mwezi wa Juni ndi nkhondo. Chifunga chimakuta phiri lonse ndipo chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Komabe tsiku lina m'mwezi woterewu ndinalawirira kukakwera minibasi ya ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80 pa msewu wa M1. Cholinga changa chinali chokakhala tsiku lathunthu mu laibulale yaikulu ya ku City Centre, popeza chipumire pa ntchito ya uphunzitsi nthawi yowerenga ndili nayo yambiri koma mabuku ndiwo andithera. Zimene ndinaona kumeneko zinandikondweretsa ndiponso zinandidandaulitsa, choncho ndaganiza zokambirana nanu, inu a Fomu 3 ndi Fomu 4, pakuti nkhaniyi ndi yanu.

Tiyambe ndi zokoma. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1967 ndipo linayamba ntchito mu 1968, kuti Mmalawi aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, azipeza buku popanda kuligula. Mphatso yoyamba imene nyumba yotere imapereka ndi bata. Mwana wakumudzi amadziwa kuvuta kwa kuwerenga pakhomo: buku likangotsegulidwa, mayi akuitana kuti akatunge madzi, mbuzi zalowa m'dimba, ndipo usiku kuwala kwa koloboyi kapena tochi sikufika patali. Mu laibulale muli tebulo, mpando ndi kuwala, ndipo palibe wokutuma. Nditakhala pansi ndinangomva kutembenuzika kwa mapepala basi, mtima wanga n'kukhala m'malo.

Koma m'mene dzuwa linkakwera ndinayamba kuona chinthu chachilendo. Mipando yambiri inali ndi achinyamata, aliyense ataweramira patebulo, koma kumashelefu kunali zii. Zimene ankawerenga anachita kubwera nazo m'zikwama: makope a manotsi, timabuku ta mafunso ndi mayankho, ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinacheza panja ndi mnyamata wina waulemu wake amene anakhala pafupi nane. Ndinamufunsa kuti, "Kodi mwana wanga, mwa mabuku onse ali m'katimu, watsegulako angati?" Iye anaseka mwamanyazi nati, "Pepani agogo, zimenezo sizibwera pamayeso." Yankho limeneli linandilasa mtima. Mwanayo anali ngati munthu amene watsamira nkhokwe yodzaza ndi chimanga, koma akutafuna gaga amene wachoka naye kwawo.

Sindifuna kumuweruza yekha mnyamatayo, chifukwa mlanduwu ndi wathunso ife aphunzitsi. Ine ndemwe kwa zaka zambiri ndinkadzaza bolodi ndi manotsi, ana n'kumakopera, ndipo amene wabweza mawu anga osasintha ngakhale limodzi ndinkamupatsa malikisi ambiri. Makolo nawonso safunsa kuti mwana wawerenga chiyani. Amangofunsa mapointi amene wapeza pa mayeso a MSCE. Mayeso ndi ofunika ndithu, ndipo wonyoza satifiketi ndiye kuti sanasakepo ntchito. Vuto ndi lakuti zoloweza pamtima zimauluka mayeso akangotha, pamene zimene munthu wazifufuza yekha chifukwa cha ludzu lofuna kudziwa zimakhala naye mpaka imvi.

Taganizirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 iye analeka sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe ndalama za fizi. M'malo mongokhala, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale ya kwawoko, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, koma anatsatira zithunzi, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusidwa ndi mphepo otulutsa magetsi, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zina zotola kudzala. Mbiri yake inatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind mu 2009, ndipo inasanduka filimu mu 2019. Funso langa ndi ili: kodi buku lija linali pa silabasi iti? Ngati mashelefu ochepa a kumudzi anabala zoterezi, nanga bwanji nyumba yaikulu ya mumzinda?

Ena amaopa mashelefu chifukwa sadziwa poyambira, koma mabuku sangounjikidwa chisawawa ayi. Malaibulale ambiri amatsata ndondomeko imene Melvil Dewey wa ku America anakonza mu 1876, yogawa nzeru zonse m'magulu khumi. Nambala imene ili pamsana pa buku ndiyo keyala yake. Mabuku a sayansi ali pa 500, a luso monga zaumoyo ndi zaulimi ali pa 600, a ndakatulo, masewero ndi nkhani zopeka ali pa 800, pamene a mbiri ndi jogalafe ali pa 900. Mukalipeza buku, yambani mwaona zam'katimu koyambirira ndi mlozera wa mawu kumapeto, kuti mudziwe ngati lili ndi zimene mukufuna. Zikakukanikani funsani woyang'anira laibulale, chifukwa anaphunzira ntchito yomweyo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Dandaulo langa lachiwiri ndi lokhudza chiyankhulo chathu. Kulikonse kumene kuli mabuku m'dziko muno, a Chichewa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a Chingerezi. Izi sizodabwitsa, popeza shelefu singasunge buku limene silinalembedwe. Chikhalirecho anthu anayamba kale kulima munda umenewu. Samuel Josia Ntara anatulutsa Nthondo mu 1933, ndipo analembanso Mbiri ya Achewa. John Gwengwe anatisiyira Kukula ndi Mwambo, E.J. Chadza analemba Kokha Mcheperawakalulu, Willie Zingani analemba Njala Bwana. Ndi angati mwa inu amene munawerengapo limodzi mwa amenewa popanda kukakamizidwa ndi mphunzitsi? Kwathu kuno ku Dedza kuli mapanga a Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula zamakedzana, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zambiri zolembedwa zokhudza malowa zili m'Chingerezi. Adzazilemba m'Chichewa ndani ngati ana a Chongoni omwewo sawerenga? Mlembi aliyense amayamba ndi kuwerenga, monga momwe woumba mbiya amayamba ndi kupenyerera manja a amake.

Chachitatu ndi khalidwe la owerenga ena. M'buku lina la mbiri limene ndinatsegula tsikulo ndinapeza kuti wina anathothola masamba angapo pakatikati, mwina pofuna kukawerengera kunyumba. Munthu wotere waba m'thumba la anzake onse amene adzabwere pambuyo pake. Buku ndi chinthu chosachedwa kutayika. Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Ife a msinkhu wanga tikukumbukanso nthawi imene buku linkasowa pa chifukwa china. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lofalitsidwa mu 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Masiku amenewo tinkalakalaka kuwerenga koma tinkaopa. Inu muli ndi ufulu wowerenga chilichonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona ufuluwo ukuchita dzimbiri.

Wina anganene kuti, "Aphunzitsi, zonsezi zili kale pafoni, nanga tivutikirenji?" Zoonadi intaneti ndi yothandiza, ndipo inenso adzukulu anandiphunzitsa kuigwiritsa ntchito. Koma foni imafuna ndalama za bandulo, imasakaniza zoona ndi mabodza, ndipo mauthenga a anzanu salola kuti mutsatire ganizo limodzi kwa ola lathunthu. Winanso anganene kuti Lilongwe ndi kutali kwa mwana wa ku Linthipe, ku Mayani kapena ku Bembeke. Ameneyu akunena zoona, ndipo nkhawa yake iyenera kufika kwa atsogoleri. Komabe fodya wako ndi amene ali pamphuno: yambani ndi kachipinda ka mabuku ka pasukulu panu, ndipo ngati n'kokhoma, pemphani makiyi mwaulemu kwa aphunzitsi aakulu kufikira atatsegula.

Madzulo a tsikulo, ndisanatuluke, ndinatenga buku limodzi pashelefu ya 900 n'kuliika patebulo la mnyamata uja. Sindinanene kanthu, ndipo nditafika pakhomo ndinacheuka n'kuona kuti wayamba kulitsegula. Pempho langa kwa inu ndi laling'ono. Mukadzalowa mu laibulale, werengani manotsi anu monga mwa nthawi zonse, koma ola lomaliza mulipatule. Nyamukani, pitani kushelefu, sankhani buku limene palibe adzakufunseni pamayeso, ndipo muliwerenge mpaka kumapeto.