Za Buku la Lindley Murray ndi Ana a Kwathu

Tayang'ananso buku la malamulo a Chingerezi limene Lindley Murray analitulutsa ku York m'chaka cha 1795, ndipo tili nawo mawu. Sitilinyoza ayi. Mwini wake anali munthu wakhama, amene anagawa mawu onse m'magulu asanu ndi anayi, naika malire ake mwaudongo. Koma iye analembera atsikana a pa sukulu ina ya ku York komweko, ana oyamwa Chingerezi pa bere la amayi awo. Iwo anangosowa maina a zinthu zimene anali nazo kale. Mwana wa kwathu asowa zinthu zenizenizo.

Tsono njira ya bukulo, ya kuloweza matanthauzo pamtima, inafalikira kutali, ndipo ndiyo imene tiitsutsa. Mwana anena bwino lomwe kuti dzina n'chiyani, mneni n'chiyani, mfotokozi n'chiyani. Koma Mngelezi akam'funsa kuti, "Haven't you eaten?" iye ayankha kuti "Yes," m'mimba muli pululu. Pakuti m'chinenero chathu "inde" avomereza mawu a wofunsayo, kunena kuti zoonadi sindinadye, pamene Mngelezi wosadya ati "No." Mwini nyumba achotsa mbale, mwana nagona ndi njala, malamulo onse ali m'mutu!

Onaninso kamangidwe ka funso. Ife tiika "kodi" patsogolo, mawu ena onse nakhala m'malo mwao: "Akubwera," "Kodi akubwera?" Mngelezi atembenuza mawuwo, "He is coming" nasanduka "Is he coming?" Pena aitana kamthandizi kake "do," kamene kwathu kalibe mbale. Izi mwana wa ku York sanasowe kuuzidwa, koma wathu aphunthwa pomwepa tsiku ndi tsiku.

Ngakhale magulu asanu ndi anayi aja sagwirizana ndi kalankhulidwe kathu. "Ndinamuona" ndi liwu limodzi, koma m'kati mwake muli woona, nthawi, woonedwa ndi kuonako. Chingerezi chimwaza zonsezi m'mawu atatu, ndipo chifuna kudziwa ngati woonedwayo ali mwamuna kapena mkazi, zimene "iye" wathu sasamala. Nanga timawu tija "a" ndi "the," timene Murray anatipatsa gulu laotao? Ife tilibe, ndipo sitinatisowe. Mphunzitsi wanzeru adzathera sabata yathunthu pa timawu tiwiriti, ana ali kutchula mbuzi iliyonse ndi mbuzi ija inadya chimanga dzulo.