Mzikiti Wobisidwa kwa Alendo

Amene anakhalapo pamudzi tsiku limene alendo a bungwe lothandiza akubwera kudzaona mjigo kapena chipinda cha sukulu chimene anamangitsa, akudziwa mmene tsikulo limayambira. Bwalo limasesedwa mbandakucha, ana amauzidwa kuti asambe, amayi amayeserera nyimbo, ndipo a mfumu amasankha bwino mawu oti akanene ndi oti asiye. Palibe amene amanama pa tsiku lotere, koma palibenso amene amanena zonse. Madandaulo enieni amadikira mpaka fumbi la galimoto litazilala.

Buku la Elena Fiddian-Qasmiyeh lotchedwa The Ideal Refugees, limene linatuluka m'chaka cha 2014, likunena za mtundu wa anthu amene tsiku lotereli lakhala moyo wawo kwa zaka pafupifupi 50. Mutu wa bukuli tingaumasulire kuti othawa kwawo osiririka, ndipo anthuwo ndi Asahrawi, Asilamu anzathu a ku Western Sahara, amene akukhala m'misasa pafupi ndi tawuni ya Tindouf, kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la Algeria.

Mbiri yawo ndi iyi mwachidule. Dziko la Western Sahara linali pansi pa ulamuliro wa Spain. Mu Okutobala 1975 khoti lalikulu la maiko onse ku The Hague linapereka maganizo ake kuti ubale umene unalipo kale pakati pa mafuko ena a kumeneko ndi mafumu a Morocco sunali chifukwa chowalanda anthuwo ufulu wosankha okha tsogolo lawo. Mwezi wotsatira Mfumu Hassan II inatumiza anthu wamba pafupifupi 350,000 kuti alowe m'dzikolo pa ulendo wotchedwa Green March, ndipo Spain inachoka itasiya dzikolo m'manja mwa Morocco ndi Mauritania. Gulu la Polisario, limene linakhazikitsidwa mu 1973, linamenya nkhondo. Mauritania inasiya nkhondoyo mu 1979, koma Morocco inamanga chikhoma cha mchenga chotalika makilomita pafupifupi 2,700, chozingidwa ndi mabomba okwirira. Mu 1991 mfuti zinaleka kulira pa lonjezo lakuti kudzachitika riferendamu. Ife Amalawi tinaponya yathu pa 14 Juni 1993, patangopita miyezi yochepa chilengezereni. Yawo ija sinachitike mpaka lero, ndipo mu Novembala 2020 kuomberana kunayambiranso.

Misasayo ilipo isanu, ndipo anaipatsa maina a matawuni amene anawasiya kwawo: Laayoune, Awserd, Smara, Dakhla ndi Boujdour. Malo ake ndi chipululu cha miyala chimene eni ake amachitcha hamada, kumene nyengo yotentha imafika madigiri 50, ndipo madzi ena amabwera pa magalimoto a matanki. Bungwe la UNHCR linanena mu 2018 kuti mumakhala anthu 173,600. Chodabwitsa n'chakuti misasayi saiyendetsa a United Nations. Aiyendetsa eni ake kudzera m'boma lawo la ku ukapolo, limene lili ndi maunduna, sukulu ndi zipatala zake. Pamene amuna anali kunkhondo, amayi ndiwo anaimika mahema, kugawa chakudya ndi kuphunzitsa ana. Izi ndi zoona, ndipo mlembi sazikana.

Chimene iye akufufuza n'chakuti choonadi chimenechi chinasanduka bwanji chovala chapadera chovalira alendo. Chaka ndi chaka anthu ambiri ochokera ku Spain ndi maiko ena a ku Ulaya amapita kumisasako, ndipo ana a Asahrawi amakakhala miyezi yotentha m'mabanja a ku Spain pa ndondomeko yotchedwa Vacaciones en Paz. Alendowa ndiwo amabweretsa mankhwala, magalimoto ndi ndalama, ndiwonso amakalankhulira nkhani ya Western Sahara kwawo. Atsogoleri a misasa anaphunzira msanga zimene alendo oterewa amakonda kumva: kuti amayi a kuno ndi omasuka kuposa amayi ena onse achiarabu, kuti mayi akasudzulidwa amamchitira phwando, kuti nkhanza za m'banja kuno kulibe, kuti chipembedzo ndi nkhani ya munthu payekha. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Amene alibe mafuta, alibe asilikali ambiri, alibe mpando ku United Nations, anadziwa nyimbo imene omvera ake amaombera m'manja.

Apa ndi pamene bukuli likutikhudza ife mwapadera. Asahrawi ndi Asilamu a madhhab ya Imam Malik, amaswali, amasala m'mwezi wa Ramadhan, ana awo amaphunzira Qur'an. Koma mlembi akuonetsa kuti pa chithunzi chopita kunja Chisilamu chimakankhidwira kuseri. Mlendo amamutengera ku sukulu ya ntchito za amayi, ku chipatala ndi ku nyumba yosungira mbiri ya nkhondo, koma njira ya ku mzikiti sikhala pa ndandanda. Melhfa, nsalu yaitali imene mayi amadzikulunga nayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, imafotokozedwa ngati chovala cha chikhalidwe chabe, kuti mlendo asaiyerekeze ndi hijab imene anaphunzira kuiopa. Mantha amenewa anakula kwambiri pambuyo pa Seputembala 2001, pamene Msilamu aliyense wa m'chipululu ankatha kutchedwa chigawenga mosavuta. M'zolemba zake zina mlembi yemweyu akufotokoza kuti pamaso pa Akhristu a mipingo ina ya ku America, amenenso amathandiza misasayi, nyimbo imasintha pang'ono: pamenepo amaonetsa kuti ndi anthu opembedza ndithu, koma ololera ndi okonda kukambirana ndi a zipembedzo zina. Mlendo aliyense amapatsidwa Msahrawi womuyenera.

Mphamvu ya bukuli ili pa kufunsa kuti amene amalipira mtengo wa chithunzi chokongolachi ndani. Ngati zalengezedwa kuti nkhanza kwa amayi kulibe, mayi womenyedwa akadandaula kwa yani, ndipo ndi bungwe liti limene lingapereke ndalama zothetsera vuto limene akuti kulibe? Ngati amayi amene alendo amakumana nawo ndi omwe aja ophunzira a m'bungwe la amayi, nanga mtsikana amene anasiyitsidwa sukulu kuti asamalire agogo ake adzamuona ndani? Mlembi anacheza ndi Asahrawi kumisasako komanso ndi achinyamata amene anakaphunzira ku Cuba ndi ku Syria, ndipo m'mawu awo ndi mmene mpata wa pakati pa chithunzi ndi moyo weniweni ukuonekera. Pa mfundo iyi sindikupeza pomutsutsira.

Komabe ndili ndi madandaulo anga. Loyamba ndi laling'ono: bukuli linalembedwera anthu a ku yunivesite, ndipo nthawi zina ganizo limene mayi wogulitsa usipa angalimve m'mphindi imodzi limakulungidwa m'mawu olemera mpaka kutaya mpweya. Lachiwiri ndi lakuti woliwerenga mofulumira angatuluke ndi maganizo akuti Asahrawi ndi anthu achinyengo, ndipo otsutsana nawo pa ndale sangachedwe kuligwiritsa ntchito motero. Mlembi sananene zimenezo. Mutu weniweni wa bukuli umatcha khalidweli ndale za kupulumuka. Koma ndikadakonda chala chikadaloza kwambiri kwa wopereka kusiyana ndi wolandira, pakuti amene amaika lamulo lakuti mbale ya mphodza ipite kwa Msilamu wosaoneka ngati Msilamu ndi amene wagwira chipande.

Dandaulo lachitatu silikupita kwa mlembi yekha. Bukuli likufotokoza bwino chifukwa chimene Asahrawi amavinira alendo a ku Ulaya, koma silikhalitsa pa funso limene Msilamu ayenera kulifunsa poyamba: kodi abale awo m'chikhulupiriro anali kuti? Kupatula Algeria, imene yawasunga pa nthaka yake kuyambira 1975, ndi Libya m'zaka zoyambirira, maiko ambiri achisilamu anaima ndi Morocco kapena anangokhala chete. Boma la Asahrawi ndi membala wa African Union, koma ku Arab League ndi ku bungwe la mgwirizano wa maiko achisilamu la OIC kulibe mpando wake. Mkanganowu uli pakati pa Asilamu okhaokha, ndipo sindikulemba kuti ndiweruze mwini dziko. Ndikunena za mwana wanjala. Munthu akhoza kukhulupirira kuti Morocco ikunena zoona pa za malire, komabe n'kutumiza tirigu ku Smara. Anthu amene anabisa mzikiti wawo anatero chifukwa ogogoda pakhomo pawo ndi katundu m'manja anali ambiri a kunja kwa mzikiti.

Chilembedwereni bukuli zinthu zafika poipa. Bungwe la WFP lakhala likugawa chakudya m'misasayi kuyambira 1986: ufa wa tirigu, mpunga, balere, mphodza, mafuta ophikira ndi shuga. Chakudya chotere chinakonzedwa kuti chipulumutse anthu pa ngozi ya miyezi ingapo, koma kuno agogo, mayi ndi mdzukulu onse akulira pa mbale yomweyo. Kafukufuku wa mabungwe a United Nations wakhala akupeza kuti amayi oposa theka a msinkhu wobereka ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Chakumapeto kwa 2023 chakudyacho chinachepetsedwanso ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Mvula yamphamvu ya mu Okutobala 2015 inasungunula nyumba zambirimbiri za zidina zosaotcha. Palinso nkhani yowawa imene okonda Asahrawi safuna kuimva: ofesi ya European Union yofufuza za katangale inalemba lipoti, limene linadziwika poyera mu 2015, lonena kuti mbali ina ya thandizo inkapatutsidwa n'kukagulitsidwa. Kukhala wosiririka kwa zaka zonsezi sikunadzaze nkhokwe.

Ganizo la mlembi limaunikiranso anthu amene iye sanalembe za iwo. M'dziko lomwelo la Algeria, makilomita oposa 1,000 kumpoto, mumzinda wa Algiers ndi mizinda ina muli anthu opempha chitetezo ochokera ku Syria, Yemen, Mali, Cameroon ndi maiko ena. Algeria inasaina pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo, koma kwa zaka zonsezi ntchito yomva nkhani za anthuwa ndi kuwapatsa zikalata yakhala m'manja mwa ofesi ya UNHCR. Chikalata chotere sichipatsa munthu chilolezo chogwira ntchito, ndipo wapolisi wa pamsewu sikuti nthawi zonse amachilemekeza. Anthu akuda ndiwo amagwidwa kwambiri. Amawakweza m'mabasi ndi m'malole mpaka kumalire ndi Niger, n'kuwatsitsa pamalo otchedwa Point Zero, kuti ayende pansi makilomita pafupifupi 15 mumchenga kukafika ku Assamaka. Gulu la Alarme Phone Sahara linawerenga anthu oposa 30,000 othamangitsidwa motere m'chaka cha 2024 chokha. Ambiri ndi ofuna ntchito, koma pakati pawo pamapezeka ena amene anali ndi zikalata za chitetezo. Anthuwa alibe bungwe la amayi loti liimbire alendo, alibe mbendera, alibe hema loti lijambulidwe dzuwa likulowa. Wothawa kwawo wa mumzinda amapulumuka pobisala, pamene thandizo limatsata wooneka.

Tisafulumire kuloza Algeria chala. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali a kwathu kuno anagwira othawa kwawo amene ankachita malonda ku Lilongwe ndi m'matawuni ena, ena n'kuwasunga kundende ya Maula, asanawabwezere ku Dzaleka, msasa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma muli oposa 50,000. Ndife dziko lomwelo limene linasunga Amozambiki oposa 1 miliyoni pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, ambiri a iwo m'midzi mwathu momwe. Pa nkhani ya Western Sahara, boma lathu linatsegula ofesi ya ukazembe ku Laayoune mu 2021, kutanthauza Laayoune wa mbali yolamulidwa ndi Morocco, osati msasa wa dzina lomwelo.

Chisilamu chili ndi chonena chake pa zonsezi, ndipo n'chimene ndinachisowa kwambiri m'bukuli, ngakhale dzina la chipembedzo chathu lili pachikuto. Kalendala yathu imayambira pa Hijra, ulendo wa othawa kwawo. Asanapite ku Madina, Maswahaba ena a Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anakabisala kwa Najashi, mfumu yachikhristu ya ku Abyssinia, imene inawafunsa za chikhulupiriro chawo, iwo nayankha mosabisa, ndipo inakana kuwapereka kwa nthumwi za Makka ngakhale zinabwera ndi mphatso. Surah Tawba imaika wapaulendo wosowa m'gulu la oyenera kulandira Zakaat popanda kufunsa ngati mbiri yake ndi yokoma, ndipo Surah yomweyo imalamula kuteteza ngakhale wosakhulupirira amene wapempha chitetezo mpaka akafike pamalo pamene angakhale mwamtendere. Surah Baqara imachenjeza kuti Sadaka imawonongeka ndi kukumba ndi kunyoza. Thandizo limene limachititsa wolandira kubisa Swala yake lili pafupi kwambiri ndi chenjezo limenelo, kaya woperekayo akudziwa kapena ayi.

Bukuli ndi lachingerezi ndipo silipezeka wamba m'masitolo athu. Amene angalipeze, makamaka a m'makomiti a mizikiti amene amagawa Zakaat ndi nyama ya Qurbani, aliwerenge mwachifatse pamene likufotokoza za amayi amene alendo sakumana nawo, kenaka aonenso ndandanda ya maina imene iwo eni analemba chaka chatha.