Rugare wa ku Masembura, ndiwo yosagula mbewu

Ku Masembura, m'boma la Bindura ku Zimbabwe, nthaka yambiri ndi yamchenga, yokokoloka ku mapiri amiyala amene azinga midzi. Madzi sachedwa kuphwa, chonde n'chochepa. Koma m'madimba akumeneko simusowa rugare, m'bale wake wa chomoliya amene tidamuzolowera ku Malawi. Tsinde lake limatha kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo likagwa m'manja odziwa limapereka ndiwo dzinja ndi chilimwe chomwe, chaka n'kupitirira.

Rugare sachita maluwa kawirikawiri, ndiye mbewu yake si ya m'paketi. Mbewu ndi mphukira zotuluka m'mbali mwa tsinde, pamene padachoka tsamba. Luso lagona pamenepa. Mayi wodziwa dimba sathyola mphukira chisawawa. Amayamba wayang'ana kholo lake. Likakhala la masamba opiringizika, amathothomathotho, kapena achikasu choyambira m'mphepete kulowera kumtsempha, amalipitirira, pakuti nthenda ya kholo imatsata mwana. Akapeza tsinde lathanzi amagwira mphukira yofika utali wa chikhatho, n'kuikhotetsera pansi kamodzi kokha kuti ichoke ndi kachikamba ka tsinde. Masamba akuluakulu amabudula, n'kusiya awiri kapena atatu akunsonga, kuopa kuti dzuwa lingaiumitse isanagwire mizu. Kubzala ndi madzulo. Amatsindira dothi ndi zala, amathira madzi pang'onopang'ono, kenaka amazika kanthambi ka masamba pambali kuti kachite mthunzi. Masiku oyamba mphukira imafota n'kugona pansi, ndipo wosadziwa amaizula poganiza kuti yafa. Mwini luso amangothirira osaikhudza, mpaka m'mawa wina kamtima katukula mutu.

Mchenga uja amaukonzeratu. Manyowa a m'khola owolerana amawasakaniza ndi dothi lapachulu, limene alimi a ku Zimbabwe akhala akututira m'minda kuyambira kale. Pamwamba amaphimbira ndi udzu, koma osagunditsa tsinde, chifukwa chiswe chikalowa m'udzumo sichisankha.

Chimene chimandigwira mtima koposa ndi kathyoledwe. Tsamba amayambira pansi, lokhwima, kulitsitsa ndi chala chachikulu kuti lichoke bwino osang'amba khungwa. Kumutu sakhudzako. Munthu wa phuma, pofuna kuchulutsa mitolo yopita kumsika wa ku Chipadze kapena ku Mbare Musika ku Harare, amalimeta tsinde lonse. Sabata yotsatira timasamba timatuluka tating'onoting'ono. Amene ali ndi mtima wodikira amasiya masamba angapo pa tsinde lililonse, n'kumasinthana mizere: lero uno, mkucha winawo. Ndalama ya lero imachepa, inde, koma dengu silibwerera lopanda kanthu.

Kukatentha cha mu Seputembala ndi Okutobala, nsabwe zotuwa zimaunjikana kunsi kwa masamba ndi kumtima. Wodziwa amatembenuza tsamba nthawi iliyonse akamathirira, amazifinya zikadali zochepa, amawaza phulusa kapena madzi a sopo. Mvula ikadza, mdani amasintha: chinyontho chimabweretsa kuwola, motero mabedi amawakweza kuti madzi asadikhe, ndipo masamba odwala amakawataya kutali ndi dimba. Tsinde likatalika kwambiri amalichirikiza ndi mtengo. Likayamba kutopa, salidikira kuti life: ana ake amakhala atagwira kale pa bedi lina, kumene sikunali ndiwo za mtundu womwewo.

M'dera la Bindura muli abale athu ambiri, ana ndi zidzukulu za matchona amene adachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Kumeneko kuli mgodi wa nikelo wa Trojan ndi wa golide wa Freda Rebecca. M'komboni malo ndi ochepa, ndipo kamzere kamodzi kuseri kwa nyumba, kothiriridwa ndi madzi otsukira mpunga, ndiko dimba lonse. Ndiwo yosafuna ndalama ya mbewu imayenera malo otere. Mu 2008 mgodi wa Trojan udaimitsa ntchito, chuma cha dziko chili pa mavuto aakulu. Pa nthawi ngati imeneyo tsinde lopatsa masamba sabata ndi sabata si chinthu chochepa. Ndipo mbewu yake amangopatsirana pa mpanda: "Amayi, mundigawireko mbewu, yanga idapsa ndi dzuwa." Wopemphedwa sapereka zotsalira. Amasankha ndi diso lomwe lija, chifukwa mawa yake ikadzafa adzakapempha komweko.

Masamba akachuluka m'nyengo yozizira, ena amawafutsa n'kuyanika, kusunga mfutso. Aawisi amawadula mopyapyala kwambiri, kukazinga ndi tomato ndi anyezi, kapena kutendera ndi chiponde. Ena amakonda viscose, mtundu wa masamba obiriwira modera umene nawonso amabzala ndi mphukira, ndipo m'madimba ambiri mitundu iwiriyi imaima moyandikana.