Za Kusuntha Zinthu ndi Maganizo

Chiphunzitso chachilendo chalowa m'malaini a m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo chadzera m'malamya a m'manja amene anyamata athu achezera nawo usiku. Chiphunzitsocho chiti munthu akhoza kusuntha kanthu ndi maganizo okha, osakakhudza. Woyamba kumene auzidwa kuti aimike singano pa kachidutswa ka sopo, aike kapepala kopinda pansonga pake, akazinge ndi manja, nakapenyetsetse. Ndipo kapepalako katembenukadi, ichi sitikana.

Chimene titsutsa ndicho dzina limene apatsa chokatembenuzacho. Dzanja la munthu ndi lofunda. Mpweya wofunda ukwera, monga uchita utsi pamoto, ndipo wozizira ulowa m'malo mwake. Tsono kapepala kopepuka chotere kangotsata mpweyawo. Mpweya wotuluka m'mphuno uthandizanso, makamaka kwa iye wakuweramira pafupi. Vundikirani kapepalako ndi tambula yagalasi, nimukhale kutali pang'ono, ndipo mudzaona kuti kangoti zii, mungakhale mukapenye kufikira nsima itazizira.

Nkhaniyi si yatsopano iai. M'chaka cha 1853 anthu a ku London anatengeka ndi magome amene ankati ayenda okha pamene anthu asanjikapo manja. Michael Faraday, katswiri wa zamagetsi, anaika timapepala tolimba pakati pa manja ndi gome, napeza kuti manja ndiwo anali kukankha, eni ake osadziwa. Anthuwo sanali onama. Anangonyengedwa ndi zala zawo. Pa sukulu yaikulu ya Princeton ku America anayesa za mphamvu ya maganizo kuyambira 1979 kufikira 2007, koma ena pobwereza mayesowo sanapeze zomwezo. James Randi analonjeza madola 1,000,000 kwa aliyense wakuonetsa mphamvu yotere pamaso pa oyesa, ndipo kufikira 2015, pamene lonjezolo linatha, panalibe anatenga ndalamazo.

Koma choipa chenicheni cha chiphunzitsochi chili pa mayankhidwe ake. Kapepala kakatembenuka, ati ndi mphamvu yako. Kakaima, ati sunaikepo mtima, uyesenso mawa. Potero mphunzitsi sagwa pa mlandu nthawi zonse, ndipo mwana ndiye asenza kulephera konse, nadziyesa woperewera nzeru. Ife aphunzitsi tidziwa kuwawa kwa mwana wotere. Ndipo ndizizwa kuti ana a anthu othyola tiyi avomera zimenezi, pakuti amayi awo adziwa bwino kuti dengu liyenera kufika pa sikelo, ndi kuti kalaliki salemba masamba amene munthu anangowaganizira. Chiphunzitso chokana kukwera pa sikelo chiopanji?

Palinso china chimene alendo ophunzitsa izi sachidziwa, popeza sakhala kuno. Kwawo mnyamata wodzitama kuti asuntha zinthu ndi maganizo angosekedwa. Kwathu, mwana wa mnansi akadwala mawa lake, anthu adzakumbukira mawu aja. Sitinaiwale chaka cha 2017, pamene mbiri ya anamapopa inawanda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu anaphedwa chifukwa cha kuganiziridwa chabe. Lamulo la za ufiti la 1911 lilanga wonenera mnzake ufiti, lilanganso wodzinenera yekha kuti ali nawo. Koma khamu lokwiya silidikira bwalo la milandu.

Chifukwa chake, inu makolo ndi aphunzitsi anzanga, mukapeza mnyamata ali ndi singano ndi kapepala kake, musamkalipire kapena kumtcha maina. Mubwerekeni tambula, nimuitane anzake adzaone.